Mbozi Zikakana Kufa: Phunziro la Darwin M'dimba la Amalume

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha amalume anga, amene amalima matimati m'dimba kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, adandiimbira foni m'mamawa. Sadachulutse moni. "Mphwanga, ubwere udzaone wekha. Sukulu yako ija idzagwire ntchito kuno, ine ndathedwa nzeru."

Loweruka lake ndidakwera minibasi. Zimene ndidapeza m'dimbamo alimi ambiri a matimati akuzidziwa bwino: masamba a mawanga oyera ngati awauka ndi moto, nsonga zofota, ndi zipatso zobooka timabowo. Nditang'amba tsamba limodzi ndidapeza kambozi kotalika ngati njere ya mpunga kali phee m'kati mwa tsambalo. Akatswiri amakatchula kuti Tuta absoluta, alimi amangoti tuta.

Amalume adali atatenga ngongole ku banki m'khonde kuti agule mbewu ndi feteleza, ndipo phindu lake amadalira kuti alipirire fizi mwana wawo wotsiriza amene ali ku sekondale. Adayamba kupopera mankhwala a cypermethrin kamodzi pa sabata, kenaka kawiri, kenaka katatu, mpaka adafika pothira zitsekero ziwiri m'malo mwa chimodzi. Mbozi osafa. Mlandu adauika pa wogulitsa mankhwala wa pamsika. "Wandigulitsa madzi ameneyo," adatero. Nthawi zina amati mbozizo zazolowera mankhwala ngati chidakwa chimene sichiledzeranso ndi chipanda chimodzi.

Tidayang'ana botolo. Tsiku lake lidali lisadathe, ndipo pansi pa mitengo ya matimati padali ziwala, akangaude ndi tizirombo tina takufa. Mankhwalawo adali enieni ndipo amapha. Kungoti amene amalume amafuna kumupha ndiye samafa.

Ndidati, "Amalume, vuto lanuli adalilongosola munthu wina dzina lake Charles Darwin zaka zoposa 160 zapitazo."

Iwo, pokhala mkulu wa mpingo, adandiyang'ana cham'mbali. "Darwin wake uja amati tidachokera kwa anyani? Ine ndakuitanira mbozi, iwe ukundibweretsera anyani?"

Tidaseka, koma nkhaniyo idatitengera tsiku lonse. Ndaganiza zoilemba pano chifukwa ndikhulupirira kuti alimi ambiri akutaya ndalama posamvetsa chinthu chimodzi chimene chikuchitika m'minda mwawo tsiku ndi tsiku.

Darwin adaphunzira kwa alimi

Charles Darwin adabadwa m'chaka cha 1809 ku Shrewsbury, m'dziko la England. Ali ndi zaka 22 adakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Beagle, imene idazungulira dziko lapansi kuyambira 1831 mpaka 1836. Paliponse pamene sitimayo imaima, iye amatolera zomera, tizirombo, mbalame ndi mafupa akale okwiririka m'nthaka. Pa zilumba za Galapagos, kumadzulo kwa South America, adauzidwa kuti munthu angadziwe chilumba chimene kamba wachokera pongoyang'ana chigoba chake. Adaonanso kuti mbalame zina zimasiyana pang'ono kuchoka pa chilumba china kufika pa chinzake.

Atabwerera kwawo adatha zaka zoposa 20 akusonkhanitsa umboni. M'chaka cha 1858 adalandira kalata kuchokera kwa Alfred Russel Wallace, amene panthawiyo adali ku zilumba za dziko limene lero ndi Indonesia, ndipo adali atafika pa ganizo lomwelo payekha. Zolemba za awiriwa zidawerengedwa pamodzi ku London chaka chomwecho. Buku la Darwin lotchedwa On the Origin of Species lidatuluka pa 24 Novembala 1859, patangotha miyezi iwiri David Livingstone atafika pa nyanja ya Malawi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mutu woyamba wa bukulo sukamba za anyani ayi. Ukamba za ziweto ndi mbewu. Darwin amaweta nkhunda ndipo amacheza kwambiri ndi oweta anzake. Adaona kuti woweta akamasankha nkhunda zoti ziswane, pakutha pa mibadwo ingapo amapeza nkhunda zooneka mosiyana kwambiri ndi makolo awo. Tsono adadzifunsa: ngati munthu angasinthe chiweto posankha, nanga chilala, njala, matenda ndi adani sizingachite chimodzimodzi kuthengo pa zaka zikwizikwi, popanda munthu wosankha?

Yankho lake ndi limene timalitcha kusankha kwa chilengedwe, ndipo lagona pa mfundo zitatu zimene mlimi aliyense amazidziwa kale. Yoyamba, ana a mayi mmodzi sabadwa ofanana. Anapiye a thadzi limodzi ena amakula msanga, ena amadwaladwala. Yachiwiri, mwana amatengera kholo. Make mbuu, mwana mbuu. Yachitatu, zobadwa zimachuluka kuposa zimene zingakule. Kaufiti mmodzi angathe kubereka njere 50,000 kapena kuposa, koma si zonse zimene zimapeza muzu wa chimanga. Mukaphatikiza mfundo zitatuzi, zotsatira zake n'zoonekeratu: amene chibadwa chawo chagwirizana ndi malo ndi nthawi ndi amene amatsala n'kubereka, ndipo m'badwo wotsatira umafanana ndi iwowo. Zikabwerezedwa kwa nthawi yaitali, mtundu wonse umasintha.

Mankhwala saphunzitsa mbozi, amasefa

Ndidapempha azakhali kuti andibwereke sefa ya ufa, ndipo tidakhala pansi pa mtengo wa mango.

Ndidati tiyerekeze kuti m'dimba muli mbozi 1,000. Mwapopera, ndipo 990 zafa. Khumi zatsala. Khumizo sizidaphunzire kanthu, sizidazolowere kanthu. Zidabadwa kale ndi thupi losiyana pang'ono limene mankhwalawo saligwira, monga momwe m'mudzi mumapezekera munthu amene sadwala chimfine anzake onse atagona. Kusiyana kotere kumangochitika mwangozi pamene ana akupangika, mankhwala alipo kapena palibe. Ntchito ya mankhwala ndi ya sefa basi: ufa wadutsa, misere yatsala pamwamba.

Tsono misereyi imabereka. Kagulugufe kakakazi ka tuta kangathe kuikira mazira okwana 260, ndipo nyengo yotentha m'badwo umodzi umatha mwezi umodzi wokha, kotero kuti pa chaka pangakhale mibadwo 10 mpaka 12. Mwa mbozi khumi zija, zazikazi zikakhala zisanu, mwezi wamawa muli ndi mazira oposa 1,000, ambiri mwa iwo otengera makolo awo. Mukapoperanso mankhwala omwewo, mukupha zofooka zotsala ndi kusiyira zolimba munda wonse. Mukuphanso akangaude, mavu ang'onoang'ono ndi tizirombo tina timene timadya mazira ndi mbozizo. Mlimi amakhala akuweta yekha mdani wake, ndi ndalama zake zomwe.

Za tuta, kusefaku kudachitika kale kutali. Kwawo kwa kamboziko ndi ku South America, kumene alimi a matimati a ku Brazil, Chile ndi Argentina adakapopera kwa zaka zambiri. Kadafika ku Spain m'chaka cha 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo kadapitirira mpaka kuno. Akatswiri atapima mbozi zimene zidafalikira kunja kwa South America adapeza kuti zochuluka zidali kale ndi chibadwa chopirira mankhwala a gulu la cypermethrin. Amalume amamenyana ndi zidzukulu za misere imene idatsala pa sefa ya alimi a tsidya la nyanja.

Si tuta yekha. M'chaka cha 1914 katswiri wina wa ku America, A. L. Melander, adalemba za tizirombo ta m'mitengo ya zipatso timene tidasiya kufa ndi mankhwala a sulufule. DDT atangofala m'zaka za m'ma 1940, sipadapite zaka zambiri ntchentche zidayamba kumupirira. Lero mitundu yoposa 500 ya tizirombo ikudziwika kuti imapirira mankhwala amtundu wina kapena unzake.

Umboni uli pakhomo pathu

Amalume adati zonsezi ndi za m'mabuku. Ndidawafunsa ngati akukumbukira mankhwala owawa a malungo aja a chloroquine. Adati akuwakumbukira, amayabwitsa thupi. Ndidawafunsa chifukwa chake adasiya kuperekedwa m'zipatala. Adati adasiya kugwira ntchito.

Nkhani yake ndi yomweyi ya sefa. Tizirombo ta malungo topirira chloroquine tidachuluka mpaka ana amamwalira atamwa mankhwala. M'chaka cha 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Naye adafooka momwemo, ndipo mu 2007 tidayamba LA. Koma padachitika chinthu china chimene dziko lonse lapansi lidaphunzirapo. Ku Blantyre, mu 1992, tizirombo 85 pa 100 tiritonse tidali ndi chizindikiro chopirira chloroquine. Pofika 2000 tidatsika kufika pa 13. Pa kafukufuku wa 2005 ku Blantyre komweko, chloroquine adachiritsa ana 99 pa 100 aliwonse. Chifukwa chake n'chakuti kupirira mankhwala kuli ndi mtengo wake m'thupi la kachirombo; mankhwalawo atachotsedwa, tizirombo wamba tidayamba kuswana mofulumira kuposa topirira tija. Apa ndichenjeze: izi sizikutanthauza kuti mukagule chloroquine. Mankhwala a malungo ndi amene akupatsani a chipatala mutayezetsa. Phunziro kwa mlimi ndi lakuti sefa ikapumula, nthawi zina zinthu zimabwerera m'malo.

Kwa anansi athu ku Mozambique, m'nkhalango ya Gorongosa, nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 idapha njovu pafupifupi 9 pa 10 zilizonse, makamaka chifukwa cha minyanga. Nkhondo isanayambe, njovu zazikazi pafupifupi 19 pa 100 zidali zopanda minyanga chibadwire. Mwa zimene zidapulumuka, theka lidali lopanda minyanga, ndipo ana aakazi obadwa pambuyo pake, mmodzi mwa atatu aliwonse alibe minyanga. Mfuti idagwira ntchito ya sefa.

Nayo nyanja yathu ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, mbuna ndi utaka, imene yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Ina imadya ndere pamiyala, ina nkhono, ina nsomba zinzake, koma akatswiri apeza kuti pafupifupi yonseyi idachokera ku makolo amodzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la UNESCO lidaikira Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Agogo adali akatswiri osankha

Mlimi wakhala akuchita ntchito ya Darwin Darwinyo asadabadwe. Chimanga chimene timati chathu chidachokera ku Mexico, kumene zaka pafupifupi 9,000 zapitazo alimi adayamba kusankha udzu wina wotchedwa teosinte, wa njere zochepa zokutidwa ndi chigoba cholimba. Chaka ndi chaka amasunga njere za mapesi abwino, mpaka udzu udasanduka chimanga. Chidafika mu Africa ndi amalonda a pamadzi m'zaka za m'ma 1500.

Chitafika kuno, agogo athu adapitiriza. Ndimakumbukira agogo anga akusankha zisononkho zazikulu, za njere zolimba ndi makoko otseka bwino kunsonga, n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze. Chimanga cha makolo n'cholimba, chosafumbwa msanga ndiponso chosatha pokonola chifukwa amayi a mibadwo yambiri adachisankha motero. Akatswiri adachedwa kumvetsa zimenezi. Mitundu yoyamba ya haibridi idali ya njere zofewa, ndipo mabanja ambiri amailima yogulitsa basi, osati ya m'nkhokwe. Mu 1990 a kafukufuku a ku Chitedze adatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu ya njere zolimbirapo yokonoleka bwino, ndipo alimi adailandira.

Koma wosankha amafuna zoti asankhepo. Munda umene mbewu zake zonse n'zofanana ndendende uli ngati mudzi umene nyumba zake zonse zimatsegulidwa ndi kiyi mmodzi. Ku Ireland anthu osauka amadalira mbatatesi, makamaka ya mtundu umodzi. Chiwawu, matenda omwewa amene amagwira matimati ndi mbatatesi ku Dedza ndi ku Ntcheu, chitafika mu 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso ochuluka chomwecho adathawa m'dzikomo. Ku America mu 1970 matenda a masamba adawononga pafupifupi magawo 15 pa 100 a chimanga cha dziko lonse, chifukwa mitundu yambiri ya haibridi idali ndi chibadwa chimodzi chofooka ku matendawo. Limani haibridi, amabereka zambiri. Koma musataye mbewu ya agogo, ndipo musadalire mtundu umodzi.

Pamene anthu adapotoza nkhaniyi

Amalume sadalakwe kukayika dzina la Darwin, ngakhale chifukwa chawo chidali china. Chiphunzitso chimenechi chidagwiritsidwapo ntchito moipa kwambiri, ndipo ife a mu Africa tidalawa nawo zowawa zake.

Mu 1864 Mngelezi wina, Herbert Spencer, adayambitsa mawu amene ambiri adawamva ngati akuti wamphamvu ndiye woyenera kukhala ndi moyo. Anthu olemera ndi atsamunda adawakonda mawuwa. Amati ngati osauka akufa, ngati mitundu ina ikulandidwa malo, ndi lamulo la chilengedwe, palibe wolakwa. Francis Galton, msuweni wake wa Darwin, mu 1883 adapereka dzina ku ganizo lakuti anthu azisankhidwa pobereka monga ziweto. Ku America anthu oposa 60,000 adatsekedwa kubereka mokakamizidwa ndi malamulo a boma, ambiri mwa iwo osauka, olumala kapena odwala misala. Ku Germany lamulo la 1933 la boma la Hitler lidatseketsa anthu pafupifupi 400,000, ndipo ganizo lomwelo la mitundu yapamwamba ndi yapansi lidathera ku kupha Ayuda mamiliyoni. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, adaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo oonetsera nyama ku Bronx, mu mzinda wa New York, kuti anthu azimuonerera. Abusa achikuda a kumeneko ndiwo adadzudzula mpaka adatulutsidwa. Adadzipha mu 1916.

Darwin mwini amadana ndi ukapolo, ndipo m'buku lake la 1871 adalimbikira kuti anthu onse ndi mtundu umodzi, naganiza kuti chiyambi chawo chidali mu Africa. Komabe naye adali mwana wa nthawi yake, ndipo adalemba za mitundu ina ya anthu ngati yotsalira. Pamenepo adalakwa, ndipo sayansi ya lero yaonetsa kuti anthu a dziko lonse ndi ofanana kwambiri m'chibadwa chawo.

Mlimi ndiye angaone msanga bodza la mawu akuti wamphamvu ndiye atsale. Tengani nkhuku yachizungu yonenepa muisiye pabwalo kumudzi pamodzi ndi yachikuda. Pakutha pa mwezi muona imene yatsala. Ng'ombe ya mkaka ya Friesian imaposa yachikuda ya linunda ikakhala m'khola labwino, koma kudambo kwa nkhupakupa ndi udzu wouma yachikuda ndiyo imapirira. Palibe choposa chinzake paliponse. Pali chogwirizana ndi malo ake. Komanso kufotokoza mmene mbozi zimatsalira si kulamula mmene anthu azikhalira. Ndimamvabe anthu ena pamisika akunena kuti mlimi wosauka ndi waulesi, asiyidwe afe yekha. Amene adakolola zochepa chifukwa mvula idadula kapena feteleza adakwera mtengo alibe vuto la chibadwa. Ndipo anthufe tidafika pano chifukwa chothandizana: dima, chiperegani, kugawana mbewu pa chaka cha njala. Mutu umodzi susenza denga.

Kukana sayansiyi nakonso kudapweteka anthu. Ku Soviet Union, katswiri wa zaulimi Trofim Lysenko amaphunzitsa kuti mbewu zingazolowetsedwe kuzizira kapena nyengo ina, ndipo ana ake adzabadwa ozolowera kale. Ndi ganizo lomwe lija la amalume la chidakwa ndi chipanda. Stalin adamukhulupirira, ndipo mu 1948 maphunziro enieni a chibadwa adaletsedwa m'dzikomo. Nikolai Vavilov, amene adayenda maiko ambiri, kuphatikizapo Ethiopia, kutolera mbewu za makolo kuti zisungidwe, adamangidwa mu 1940 ndipo adafa ndi njala m'ndende ya ku Saratov mu 1943. Ulimi wa dzikolo udabwerera m'mbuyo zaka zambiri. Ndale zikalowa m'munda kukalamula mbewu, chimene chimatuluka ndi njala.

Nanga za anyani zija?

Amalume sadaiwale funso lawo. Ndidawauza kuti Darwin sadanene kuti nyani amene amaba chimanga m'phiri ndi gogo wathu. Chimene sayansi imanena n'chakuti anthu ndi anyani akuluakulu a m'nkhalango za ku Congo ali ndi makolo amodzi akalekale, zaka mamiliyoni zapitazo, monga asuweni amene agogo awo adali amodzi. Msuweni wako si kholo lako. Umboni wina udapezeka konkuno: mu 1991, pa Uraha m'boma la Karonga, padafukulidwa chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Amene mudzafike ku Karonga mukalowe m'nyumba yosungiramo zakale ya kumeneko mukamve mbiri yake.

Mkangano wa chikhulupiriro ndi wakale. Mu 1925 mphunzitsi John Scopes wa ku Tennessee, ku America, adalipitsidwa madola 100 chifukwa chophunzitsa za chisinthiko cha munthu. Mipingo ina mpaka lero imakana chiphunzitsochi, ina imachilandira. Papa John Paul II mu 1996 adavomereza kuti umboni wake ndi wochuluka, uku akutsindika kuti mzimu wa munthu ndi wochokera kwa Mulungu. Gregor Mendel, amene adatulukira malamulo a mmene ana amatengera makolo poyesa nsawawa ndipo adawalemba mu 1866, adali wansembe. Ine si mbusa ndipo sindidapite ku Lizulu kukasintha chikhulupiriro cha amalume. Ndidangowauza kuti mbozi sizifunsa mpingo wa mwini dimba.

Tsono mlimi achite chiyani?

Choyamba, yenderani munda kawiri pa sabata musanaganize zopopera. Tembenuzani masamba, onani mazira ndi mizere ya mbozi. Zikakhala zochepa, thyolani masamba ogwidwawo ndi kuwakwirira mozama kapena kuwatentha. Kupopera mongotsatira kalendala ndiko kusefa kopanda chifukwa.

Chachiwiri, sinthani gulu la mankhwala, osati dzina lokha. Cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin ndi maina atatu koma banja limodzi, gulu 3A. Mbozi yopirira mmodzi kawirikawiri imapirira onse. Spinosad ali m'gulu 5, emamectin benzoate m'gulu 6, indoxacarb m'gulu 22A, chlorantraniliprole m'gulu 28. Mabotolo ambiri amalemba nambala ya gulu. Ngati palibe, funsani alangizi. Musagwiritse ntchito gulu limodzi kupitirira mwezi umodzi motsatizana. Mankhwala atsopano si matsenga: ku Italy ndi ku Brazil tuta adapezeka kale akupirira gulu 28.

Chachitatu, tsatirani muyeso wolembedwa. Mukachepetsa kuti botolo likhalitse, mukupulumutsa mbozi zolimbako pang'ono kuti ziswane. Mukachulutsa, mukuwononga ndalama, thanzi lanu ndi la ogula. Poperani madzulo, valani zodzitetezera, ndipo dikirani masiku olembedwa musanathyole zipatso.

Chachinayi, phatikizani njira zosadalira mankhwala. Mukatha kukolola zulani mitengo yonse ndi kuitentha. Chitani kasinthasintha ndi anyezi, nyemba kapena chimanga chachiwisi, osati mbatatesi, mabiringanya kapena fodya, pakuti tuta amadyanso zimenezi, pamodzi ndi mnadzi womera m'mphepete mwa dimba. M'nkhokwe, matumba osalowa mpweya amapha anankafumbwe popanda mankhwala.

Chachisanu, mfundo yomweyi igwirenso ku ziweto. Kuthira mankhwala a makapisozi m'madzi a nkhuku tsiku ndi tsiku, kapena kusungunula dibi wa ng'ombe mopitirira muyeso, ndi kusefa majeremusi ndi nkhupakupa zolimba.

Chotsiriza, gwirizanani. Kagulugufe sikadziwa malire a dimba. Mudzi ukagwirizana nyengo imene aliyense sadzala matimati kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, mbozi zimasowa pogwira.

Matimati a chaka chathawo sadapulumuke. Amalume adazula dimba lonse, ndipo ngongole adabweza atagulitsa mbuzi ziwiri. Mwana sadasiye sukulu, koma banja lidadya ndiwo zamasamba miyezi ingapo. M'dimbamo adadzalamo anyezi, ndipo adayenda khomo ndi khomo kukamba ndi eni madimba oyandikana nawo. Ambiri adavomera kupumitsa matimati. Awiri adakana, akuti nyengo imeneyo ndi imene mtengo umakwera pamsika, ndipo sindingawaweruze chifukwa nawonso ali ndi ana a sukulu.

Chaka chino ndidapitanso. Tuta alipobe, koma matimati akufika pamsika wa Lizulu ndipo amalume apopera kasanu kokha nyengo yonse. Wogulitsa mankhwala uja adakamupepesa. Ndidawapeza atavala magalasi awo a Baibulo, akufufuza nambala ya gulu pa botolo latsopano. Atandiona adati, "Mphwanga, za anyani zija tidzakambabe, sindidagonje. Koma sefa ija ndaiona ndi maso angawa."